Nkhope ya Mwana Amene Sindidamuonepo

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Amayi anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ngakhale kuti nthawi imeneyo adali asadandidziwe. Za ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia nazonso ndizisiya, popeza akuluakulu a inu mudabadwira komweko ndipo fumbi lake mudalidya nokha. Ndiyambira pa ntchito imene idatidyetsa mpaka tsiku limene ndidapuma, yojambula zithunzi pa makoma a zipatala ndi mashikola kuno ku Maraviya. Anthu amaganiza kuti ntchito ya wojambula ili m'manja. Ine ndidapeza kuti manja savuta. Chovuta ndi kusiyanitsa chimene waona ndi maso ndi chimene mutu wako wawonjezera wokha, chifukwa ukazipaka pa khoma ziwirizi zimauma mofanana, ndipo wodutsa sangadziwe kuti ichi n'chiti.

FINGOWE, CHAKA CHOBWERERA

Tidatsika kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, pa Fingowe nyengo yozizira, tili ndi mabulangete, makasu amene adatipatsa ku kampu, ndi chitseko chimene amayi anu adakana kuchisiya ngakhale kuti nyumba yoti tichiikepo kudalibe. Chipatala chidali chopanda denga mbali imodzi. Makoma adali ndi maenje a zipolopolo, mkati mukununkha mileme ndi mbuzi. Ndidalembedwa ngati seriventi: kusesa, kutunga madzi, kuwiritsa masingano, kunyamula odwala pa machira. Shefi wanga adali a Bonifasiyo, enfermeyiro, ndiye kuti namwino, wochokera ku Angoniya, munthu wamfupi wosakonda kuseka, amene magalasi awo adali omangidwa ndi waya kuseri kwa khutu. Pa chipatala chonsecho iwo adali dokotala, mzamba ndi wozula mano nthawi imodzi.

Tsiku lina odwala atachepa, ndidatola khala pa moto wowiritsira masingano n'kuyamba kukanda pa khoma la kuseri, monga ndinkachitira ku kampu posangalatsa ana. Sindidamve kuti munthu waima kumbuyo kwanga.

"Ameneyu ndani?" adafunsa a Bonifasiyo.

Ndidafuna kufufuta ndi chigongono, koma adandigwira mkono.

"Kasiyano, ndafunsa kuti ameneyu ndani."

"Ndinu, a shefi."

Adavula magalasi, adawapukuta ndi malaya, adavalanso. "Makutu anga sali chonchi."

"Pepani a shefi, ali choncho."

Adagwira khutu lawo ngati akulidziwa koyamba, kenaka adanditengera mkati n'kundionetsa mulu wa mapepala aakulu ochokera ku Tete. Onse adali olembedwa Chipwitikizi, za kusamba m'manja, za katemera, za zimbudzi. "Ndimagawa awa," adatero, "mawa lake ndimawapeza pa msika akulungira fodya. Anthu athu akhala m'tchire ndi m'makampu, kuwerenga adakusiya kapena sadakuyambe n'komwe. Koma mutu wangawu aliyense wodutsa pano auzindikira. Tsache lisiye. Kuyambira mawa makoma onsewa ndi ako."

Udindo watsopanowo udabwera wopanda tinta, ndiye kuti utoto, ndi wopanda pinseli yopakira. Tinta tidalonjezedwa kuti ibwera ndi kamyau yotsatira, ndipo kamyau zidatsatana mpaka ndidasiya kufunsa. Ndidaphunzira kupanga yanga. Yofiira inkachokera ku katondo wosefa pa nsalu, yakuda ku makala osinja, yoyera ku phulusa ndi laimu wotsala pa ntchito ya omanga, yachikasu ku dothi lina la m'mbali mwa dambo limene amayi oumba mbiya adandilozera. Kuti zigwire ndinkasakaniza ndi utomoni wa mitengo ndi madzi a chinangwa. Pinseli ndinkamanga ndi ubweya wa ku mchira wa mbuzi pa kabango, mwakuti mbuzi za pa Fingowe zinkandithawa zikandiona. Mtundu wa mtambo ndidalibe, choncho pa makoma anga oyambirira kumwamba kunkakhala koyera nthawi zonse. Anthu adayamba kunditcha a Meshitiri, kutanthauza mmisiri, dzina limene mpaka lero sindidalizolowere.

MALOWERA, MVULA YOYAMBA

Mvula itayandikira, a Bonifasiyo adanditumiza ku Malowera, kumene adali atangotsegula kachipatala m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anthu obwerera ankamwa m'zitsime zakale zimene zidakhala zaka zosakonzedwa, ndipo ana ankatsekula m'mimba kwambiri. Ndisadanyamuke adandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti m'madzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo timafa madzi akawira.

"Timaoneka bwanji, a shefi?" ndidafunsa.

"Ndangokuuza kuti sitioneka."

"Nanga ndijambula chiyani?"

Adali atatopa, pakhomo pali mayi wobereka akuwadikira. "N'toipa. Jambula zoipa."

Ndidayenda ulendo wonsewo ndikukankha njinga m'matope, mutu uli pa tizilombo. Ndidatenga mano a ng'ona, miyendo ya kalizi, maso a nanzikambe, n'kuziphatikiza. Pa khoma la ku Malowera ndidajambula mayi atasenza ndowa, ndipo m'ndowamo mudadzaza zamoyo zimenezo zikusuzumira kunja, mano ali pamtunda. Kunena zoona, chidali chithunzi chokongola kuposa zonse zimene ndidali nditajambulapo. Anthu ankachokera midzi yakutali kudzachiona, ana ankabisala kumbuyo kwa amayi awo. Ine ndinkayenda pa msika ngati tambala.

Patapita masabata, adandipeza bambo wina wogulitsa mchere, a Jasitino, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "A Meshitiri, tathokoza potichenjeza. Tapita ku chitsime chathu, tayang'ana bwinobwino, amayi asefa madzi pa chitenje choyera. Zilombo zanu zija mulibe ngakhale chimodzi. Madzi athu ngabwino. Mwina zili ku chitsime cha kumunsi, kuja anthu ake ngauve."

Munthuyo sadalakwe. Ndidamuonetsa chinthu, iye adakachifunafuna, sadachipeze, ndipo adaganiza monga munthu aliyense wanzeru akadaganizira. Chithunzi changa chidawaphunzitsa kuti madzi oopsa amaoneka, pamene nkhani yonse idali yakuti saoneka. Nditabwerera ku Fingowe ndidapeza kwabwera mnyamata wa ku labu ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono, ndipo ndidamupempha kuti ndisuzumiremo. Ndidaona timadontho ngati gaga wouluka pa lichero, tina tikugwedezeka pang'ono. Mano padalibe, maso padalibe. Chinthu chimene chinkapha ana chidali chosaopsa konse kuchiyang'ana. Ndidabwerera ku Malowera, ndidapaka laimu pa khoma lonse, anthu akudandaula kuti ndawononga chokongola. Ndidajambula ndowa ya madzi oyera mbee, mwana akumwa, kenaka mwana yemweyo ali gone pa mphasa, maso atalowa. Pambali pake ndidajambula madzi omwewo ali pa moto, ndi mwana akuthamangitsa nkhuku. Chithunzicho chidali chozizira, palibe adachokera kutali kudzachiona, koma amayi ankaima patsogolo pake n'kumakambirana. Ndidatsimikiza mumtima kuti chinthu chimene sindidachione sindidzachijambulanso. Ndidasunga lonjezolo miyezi yochepa chabe.

CHIPUTO, CHILIMWE CHOTSATIRA

Chaka chotsatira adandibwereka ku ofesi yosamalira anthu, ndipo shefi wanga watsopano adali Dona Selesite, mayi wa ku Tete wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja chathu. Adali wamtali, wa mawu aakulu, woyenda msanga kuposa amuna. Ntchito yawo idali yosaka ana amene adasiyana ndi abale awo pothawa nkhondo. Adali ndi kamera, koma filimu idali itatha kalekale, ndipo ngakhale ikadakhalapo, kamera imajambula mwana amene alipo. Mwana wotayika siingamujambule. Makolo ambiri zithunzi zawo zidapsa ndi nyumba, ena sadajambulitsepo chibadwire. Tili pa msewu wa ku Chiputo, umene nthawi ya mvula ngakhale njinga imakana, adandiuza chimene ankafuna: makolo azifotokoza nkhope, ine ndizijambula.

Ndidawafotokozera za ku Malowera. Adamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Meshitiri, ndakumva. Tsopano undiuze china chimene tili nacho." Ndidavomera.

Mwa anthu amene adabwera pa mthunzi wa pa poshito, ofesi ya boma ya m'deralo, padali mayi wina wowonda, wa mphumi yotakata, amene anthu ankamutchabe Amake Delifina ngakhale kuti Delifinayo kudalibe. Tsiku limene mudzi wawo udatenthedwa, adathawa khanda lili kumbuyo, dengu la ufa lili pamutu, Delifina atagwira nsonga ya chitenje chawo. Mwanayo adali wamng'ono, asadayambe n'kugulula mano komwe. Anthu adali ambiri, akukankhana pa njira yopita ku mtsinje. Atawoloka adayang'ana pansi n'kupeza kuti chitenje palibe akuchigwira. Amuna awo ndi khanda lija adamwalira ku Zambia. Adabwerera okha, n'kumanga kanyumba pamalo penipeni pamene padali yakale, kuti mwana akadzabwera asadzasochere.

Ndidatenga lapizi ndi pepala n'kuyamba kufunsa. "Mayi, maso ake adali otani?"

"Adali maso a mwana."

"Aakulu kapena aang'ono?"

"Akakwiya ankachepa."

"Nanga mphuno?"

"Idali yabwino."

Tidakhala nthawi yaitali, pepala lili loyera. Si kuti mayiwo adaiwala mwana wawo. Ankadziwa kuti ankaopa nkhuku yoyamwitsa anapiye, kuti akagona ankang'ung'udza ngati akuimba, kuti maungu ankadya khungu lokha n'kusiya mkati, kuti thukuta la pamutu pake linkanunkhira ngati mapira onyowa. Zonsezi ankazidziwa ndi thupi lawo lonse, koma palibe chimodzi chimene lapizi ikadachigwira. Komanso mwana amene tinkafuna sadalinso wamng'ono uja. Ngati adali moyo, adali pa msinkhu wotha kusinja yekha. Ndinkafunika kujambula munthu amene ine sindidamuonepo, pa msinkhu umene mayi wake yemwe sadamuonepo.

Pomaliza ndidasiya kufunsa n'kuyamba kuyang'ana mayiwo. Ndidatenga mphumi yawo, masaya awo okwera, ndi mpata umene udali pakati pa mano awo akutsogolo. Ndidachotsa makwinya ndi njala, ndidafewetsa chibwano, ndidaika timalukidwe ta tsitsi ta atsikana. Nditawapatsa pepalalo adaligwira ndi manja awiri, adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adaliika pa chifuwa.

"Ndi yemweyu," adatero. "Wakula mwana wanga."

Atachoka ndidauza Dona Selesite kuti nkhope imeneyo idali ya mayi, osati ya mwana. Adandiyankha kuti ana onse amatengera amayi awo, ndipo adandilamula kuti ndijambule zina zofanana nayo. Tidazipereka kwa akatekisita, kwa ogulitsa nsomba zouma oyenda pa njinga, ndi kwa oyendetsa kamyau.

CHIPERA, PAMBUYO PA KUKOLOLA

Uthenga udabwera ndi katekisita wa ku Chipera. Pa khomo la a Zuze, bambo woweta ng'ombe, padali mtsikana amene adamutola pa njira nthawi ya nkhondo ali wamng'ono, akulira yekha. Adamulera ngati wawo n'kumutcha Esinati. Aliyense woona pepala lija ankati ndi yemweyo. Tidanyamuka atatu, Dona Selesite, Amake Delifina ndi ine, pena pa kamyau ya thonje, pena wapansi. Mayiwo adavala chitenje chatsopano ndipo njira yonse sadadye kanthu.

Mtsikanayo adatuluka kuseri kwa khola atanyamula chipanda cha mkaka. Mphumi idali yomweyo, masaya omwewo. Atatsegula pakamwa kupereka moni, mpata uja udaoneka pakati pa mano. Amake Delifina adagwada pa ndowe pomwepo n'kumukumbatira miyendo, akuitana dzina. Mtsikanayo adangoima chilili, mkaka ukutayika, maso ali kwa akazi a a Zuze amene adamulera, amenenso ankalira atatsamira nkhokwe. Anthu a m'mudzi adasonkhana, pepala likuyenda m'manja. "Taonani mano! Mano omwewo!"

Dona Selesite adamufunsa mtsikanayo zimene ankakumbukira. Zidali zochepa: mlambe waukulu wokhala ndi mng'oma wa njuchi pafupi ndi nyumba, ndi munthu wina dzina lake Lino amene ankamubereka kumsana. Amake Delifina adalibe wachibale wotchedwa Lino, ndipo pa mudzi wawo padalibe mlambe. "Mwana amasokoneza," adatero iwo mofulumira. "Adali wamng'ono." Anthu adavomereza. Zidatsala n'zakuti mawa lake tikaonekere kwa shefi wa poshito, ine ndichitire umboni kuti chithunzi chidachokera pa mawu a mayi ndipo chafanana ndi mwana. Zikadatero, mtsikanayo akadawerengedwa kuti wapezeka, ndipo palibe akadasakanso abale ake.

Mawu a anthu aja, akuti mano omwewo, ndi amene adandivutitsa. Delifina adatayika ali ndi mano a ubwana. Mano ake achikulire palibe munthu adawaonapo, ngakhale mayi wake. Mpata umene mudzi wonse unkaloza ndidauika ndine, ndidaubwereka pakamwa pa mayi chifukwa pepala lidali loyera ndipo ndidafuna kuikapo kanthu. Ndidawakokera pambali Dona Selesite n'kuwauza.

"Meshitiri," adatero, "mayi alibe mwana, mwana alibe mayi. Lero onse apeza. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna Lino, Dona."

"Lino mwina adafa. Mwina mwanayo adangomulota. Ukudziwa kuti ndayenda mitunda yotani chaka chino osabweza mwana ndi mmodzi yemwe? Waona nkhope ya mayi uja? Ukamulande ndiwe, ine sindingathe."

Musaganize kuti adali munthu woipa. Adali ataona misozi yambiri, ndipo ankafuna kuti ina ithe. Inenso ndinkafuna zomwezo. Ndinkadziuza kuti mwina ndi Delifina ndithu, poti mwana angathe kutengera mano a mayi ake. Koma ndikatero ndinkaonanso m'mutu mwanga munthu wina kwinakwake, mwina nayenso atamanga nyumba pamalo akale, akuyang'ana ku njira. Munthu ameneyo sindinkamudziwa, ndinkangomuganizira, monga momwe ndidaganizira nkhope ija. Apa m'pamene ndidaona kuti kuganizira sikulakwa pakokha. Kukadapanda iko sindikadamumvera chisoni munthu wosamuona. Kulakwa kumabwera ukayamba kulumbirira chimene wangoganizira.

M'mawa ndidatsata Amake Delifina ku mtsinje kumene ankachapa zovala za mtsikana uja. Ndidakhala pa mwala chapatali pang'ono n'kuwauza zonse, za mphumi, za masaya, za mano. Sadasiye kuchapa.

"Mudandipatsa ndinu, a Meshitiri," adatero, "mukundilandanso ndinu."

"Mayi, sindikunena kuti si wanu. Ndikunena kuti ine sindikudziwa, ndipo akufuna ndikanene kuti ndikudziwa."

Adafinya diresi. Kenaka adalankhula akuyang'ana madzi. "Delifina adapsa ndi phala pa bondo lakumanzere. Dzulo uyu ndamusambitsa."

"Chipsera chilipo?"

"Zipsera za ana zimatha."

Sindidafunsenso. Ndidaona kuti iwonso adali ndi nkhondo yawo, yaikulu kuposa yanga. Kwa shefi wa poshito ndidanena zimene ndidachita pojambula, ndipo ndidapempha kuti mtsikanayo asawerengedwe kuti wapezeka. Amake Delifina adafunsidwa ngati ali ndi mawu. Adangoweramitsa mutu. Anthu a m'mudzi adandiyang'ana ngati mfiti, ndipo mayi wina adalavula malovu ndikudutsa. Dona Selesite adandibweza ku Fingowe mawa lake, ndipo miyezi yambiri ndidakhala ndikujambula zimbudzi pa makoma a mashikola, iwo osandilankhula. Amayi anu atamva nkhaniyi adandifunsa funso limodzi lokha: "Akadakhala ine, mukadatero?" Ndidati sindikudziwa.

A Zuze adali munthu wamtima. Adawauza Amake Delifina kuti khomo lawo n'lotsegula, ndipo mayiwo adakhala ku Chipera nyengo yonse yolima, akuthandiza kumunda, akumuluka tsitsi mtsikanayo, koma akumuitana Esinati. Filimu itafika, Dona Selesite adapita okha kukajambula mtsikanayo, ndipo chithunzicho chidapachikidwa m'misika pamodzi ndi mawu aja a mlambe ndi Lino. Mvula ina idagwa n'kutha popanda uthenga. Miyezi imeneyo ndinkadziona ngati munthu amene wagwetsa nyumba ya mnzake popanda chifukwa. Kenaka ku Malowera mnyamata wina wokonza njinga adamva katekisita akuwerenga mawuwo, adasiya sipanala pansi n'kuyamba kuyenda wapansi kupita ku Chipera. Adali Lino, mlongo wake. Tsiku lothawa adamukhazika pansi pa mtengo kuti akasake madzi, ndipo pobwerera adapeza anthu ena atamutola. Dzina lenileni la mtsikanayo lidali Mariyana. Azakhali awo adali moyo, ndipo mlambe uja udakalipo mpaka lero.

Musawerenge izi ngati kuti bambo wanu adadziwa. Sindidadziwe kanthu. Lino akadapanda kubwera, bwenzi ndili munthu amene adalanda mwana wamasiye mayi, ndipo ndikadakhala nazo mpaka kumanda. Ndidangonena pamene kudziwa kwanga kudathera. Dona Selesite adanditenganso pa ntchito, koma kuyambira pamenepo tidagwirizana kuti pa nkhope iliyonse, chimene kholo lanena ndizijambula ndi lapizi yakuda, ndipo chimene ndawonjezera ndekha ndizichisiya chotuwa, ndipo wonyamula pepala aziwauza anthu tanthauzo lake. Zithunzi zambiri zinkatuluka zotuwa pafupifupi zonse. Amake Delifina adabwerera ku Chiputo. Tikakumana pa njira ankayang'ana kumbali. Pa ukwati wa Mariyana adaitanidwa, adaphika ndi amayi ena, adavina pamodzi ndi akazi a a Zuze ndi azakhali aja. Podutsa pamene ndidakhala adandiikira mbale patsogolo. Delifina sadapezeke.

CHIPUTO, CHAKA CHOPUMA NTCHITO

Ntchito yanga yomaliza idali yokonzanso zithunzi pa chipatala cha ku Chiputo. Nthawi imeneyo tinta yogula inkabwera m'zitini, mitundu yonse, koma manja anga adali atayamba kunjenjemera. Nditamaliza ndidafunsa ngati Amake Delifina adakali moyo. Adandilozera nyumba yomwe ija, pamalo omwe aja. Ndidawapeza pakhonde masana akutongola chimanga m'lichero. Maso awo adali atachita ng'ala, ndipo adandizindikira ndi mawu.

"A Meshitiri. Mwakalamba, ndikumva m'mayendedwe."

"Ndakalamba, mayi. Ndabwera kudzatsazika, ntchito ndasiya."

Adandiuza kuti nditenge mpando. Tidakamba za mvula, za msewu, za ana a Mariyana amene ankabwera kudzawathandiza kukolola ndipo ankawatcha agogo a ku Chiputo. Za ku Chipera sitidazitchule. Nditati ndinyamuke, adandigwira malaya.

"Musanapite. Mundiuze, panopa akuoneka bwanji?"

Ndidadziwa amene ankanena. "Mayi, sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa," adatero. "N'chifukwa chake ndikufunsa inu. Ena ndikawafunsa amandiuza kuti ali kumwamba, ena amati adzabwera. Onsewo amalankhula ngati adamuona. Inu nokha mumati simukudziwa. Khalani pansi, timuganizire tonse awiri."

Ndidakhalanso. Adandikankhira chimanga chosatongola m'manja, ndipo ndidayamba kutongola nawo.

"Ine ndikuti wanenepa," adayamba iwo. "Kwa abambo ake akazi amanenepa akabereka."

"Mwina imvi zayamba apa pamphumi," ndidatero.

"Iyayi, imvi ayi, sadafike. Koma mawu ngaakulu. Ana ake amamuopa."

"Nkhuku akuweta kapena amaziopabe?"

Adaseka mpaka kutsokomola. "Akuweta. Koma yoyamwitsa anapiye amatuma mwana kuti akaitsekere."

Tidapitiriza choncho, wina akaika mwendo wina n'kuika mkono, mpaka tidamupatsa mwamuna wofatsa, munda wa mtedza ndi mpongozi wovuta. Pena ankandikaniza, pena ndinkawakaniza. Chimanga chitatha m'lichero, adapukuta manja pa chitenje, nkhope ataloza ku njira imene sankaionanso.

"Basi, a Meshitiri," adatero. "Kwa lero wakwana. Pitani, kamyau ingakusiyeni."